Mkamwini wa Mayi Torrance ndi Njinga Yopanda Mabuleki

Keighley, Yorkshire
11 Epulo 1965

Okondedwa Mayi Torrance,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Carluke, inu pamodzi ndi Ailsa wanga. Ine kuno ndili bwino. Ndinafika Lachitatu, ngakhale kagalimoto kanga kanafuna kundichititsa manyazi pa zitunda za m'malire a Scotland ndi England chifukwa cha kulemera kwa njinga zamoto ziwiri zija. Ndapeza kachipinda pamwamba pa sitolo ya munthu wogulitsa nyama, ndipo eni timu andipatsa malo m'galaja poti ndizikonzerapo injini.

Ndikudziwa kuti simunakondwe nane. Chaka chisanathe chiikire mkazi wanga Rhona m'manda, ine ndanyamuka, ndakusiyirani mwana wa zaka zisanu. Mawu munanena pakhomo aja, akuti mwana wanu anakwatiwa ndi munthu amene anali atakwatira kale njinga yamoto, ndayenda nawo msewu wonse. Sindikutsutsani. Koma ku Glasgow ndinkangopatsidwa mpata akuluakulu akamaliza, anthu akutuluka kale m'bwalo, pomwe kuno andiika m'timu yeniyeni. Mwayi wotere subwera kawiri. Komanso, kunena zoona, m'nyumba muja ndinkalephera kupuma. Paliponse ndikayang'ana ndinkaona Rhona.

Dzulo ndinathamanga koyamba. Poti simunaonerepo, ndikuuzeni pang'ono. Timanyamuka anthu anayi, awiri a timu yathu, awiri a timu inayo, n'kuzungulira bwalo la dothi kanayi. Njinga zake zilibe mabuleki, ndiye pokhota munthu amaigoneka chammbali, phazi lamanzere likukhula pansi ndi nsapato yachitsulo. Ulendo woyamba ndinali wachitatu. Wachiwiri ndinagwa, koma musadandaule, ndangosupuka chigongono. Womaliza ndinapambana, ndipo makaniko wathu, mkulu wina wosaseka dzina lake Wilf, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ukadzasiya kutsinzina pokhota, mwina udzakhala munthu."

Chifuwa cha Ailsa chili bwanji? Kodi akugonabe ndi mpango wa amayi ake uja? Ndaikamo kangachepe koti mumugulire nsapato za kusukulu. Mundilembere, ngakhale mizere iwiri yokha.

Ine mkamwini wanu,
Struan Meikle


Carluke
20 Epulo 1965

Struan,

Kalata yako ndalandira, ndi za nsapato zomwe. Ife tili bwino. Chifuwa cha mwana chasiya, ndinamupaka mankhwala ndi kumumanga nsalu yaubweya. Nsapato ndagula zokulirapo n'kuikamo pepala kutsogolo, poti mapazi watengera ako.

Za mabuleki usandiuzenso. Munthu wanzeru akagula njinga n'kupeza kuti ilibe mabuleki amaibweza kusitolo. Ndipo Wilf wakoyo umuuze kuti ngati ukutsinzina, ndiye kuti mwa iwe mwatsala kanzeru pang'ono.

Mpango akugona nawobe. Ndinafuna kuuchapa, analira mpaka kusanza, ndiye ndausiya. Wandifunsa kuti Yorkshire ndi kuti. Ndinatsitsa buku la mapu la malemu agogo ake n'kumuonetsa. Anaika chala pakati pa kuno ndi kumeneko n'kunena kuti, "Ndi pafupitu agogo, chala changa chikukwanira. Nanga bwanji sabwera kudzamwa tiyi?" Yankho lake ulipeze ndiwe.

Ntchito yayamba kwa Bambo Gilchrist, tikumangirira tomato m'nyumba zagalasi. Ailsa akaweruka amabwera kudzakhala nane mmenemo chifukwa ndi mofunda. Lamulungu tinapita kumanda kukasiya maluwa achikasu. Ndinamuuza Rhona kuti unapambana kamodzi ndi kugwa kamodzi. Mawu anga sindinawonjezerepo.

Zimene ndinanena pakhomo zija sindikuzibweza. Koma ndinaiwala kukupatsa masokosi amene ndinakulukira, ndiye ali m'phukusili.

Euphemia Torrance


Keighley
7 Ogasiti 1966

Okondedwa Mayi Torrance,

Moni nonse. Ndikhulupirira tomato wapsa bwino chaka chino, ndipo msana wanu sukuvuta kwambiri. Chithunzi anajambula Ailsa chija ndachikhoma m'galaja. Wilf akuti njingayo yafanana ndi ng'ombe, koma wokwerayo ndine ndithu, wandizindikira ndi makutu.

Ndili ndi nkhani imene ndakhala ndikuyenda nayo ngati dzira sabata yonse. Andisankha kuti ndikaimire Scotland pa mpikisano wolimbana ndi England, ku Glasgow, Lachisanu pa 26 mwezi uno. Atandiuza ndinayesa anzanga akundiseleula, mpaka anabweretsa chovala chake, chabuluu, mtanda woyera pachifuwa. Ndinakachiyesa kuchipinda ndekha, kenako ndinangokhala pabedi nthawi yaitali. Rhona ndi amene ankati tsiku limeneli lidzafika. Ankanena zimenezo kale, ndikungogwa paliponse pokhota, iye akunditulutsa timiyala m'mabondo ndi singano.

Ndaikamo matikiti awiri. Bambo Gilchrist ndawalembera, akuti iwo ndi akazi awo akupita ndipo m'galimoto muli malo. Sindinakupempheni kanthu kakakulu chiyambire, koma ichi ndikupempha. Mubwere, mudzamuonetse mwana chimene bambo ake amachita akasowa pakhomo.

Wanu,
Struan


Carluke
30 Ogasiti 1966

Struan,

Tili bwino, ndipo tamva kuti nawenso unabwerera ndi mafupa ako onse. Ailsa akuti utamunyamula kuseri kwa bwalo unkayang'anayang'ana kumbuyo kwa a Gilchrist, koma sunafunse. Ndiye ndikuyankhe funso limene sunafunselo.

Ndinavala chikhothi, ndi chipewa cha kutchalitchi chomwe. Galimoto itaima pakhomo sindinakwere. Ndinakhalapo pambali pa bedi m'chipatala, kuonerera mwana wanga akupita, manja anga osatha kuchitapo kanthu. Sindingakhalenso pabenchi kuonerera wina wa m'nyumba mwanga akuthamangira mpanda wa matabwa. Uwatche mantha, uutche mwano, koma usati ndi chidani.

Mwana anabwera tsitsi lili dothi lokhalokha, mawu atasasa. Akuti unapambana kawiri, ndipo Mngelezi wina wotchuka unamudutsa chakunja, pafupi penipeni ndi mpanda, mpaka Bambo Gilchrist anagwetsa kaliwo. Chibwerereni akungozungulira tebulo, tsache lili pakati pa miyendo, phazi limodzi likukhula pansi, moti nsapato yakumanzere yatha kale. Abusa atamufunsa Lamulungu kuti akadzakula adzakhala ndani, anayankha kuti munthu wopanda mabuleki. Ndinafuna kulowa pansi.

Akuti Scotland inagonja. Palibe chachilendo. Koma anthu m'sitolo akundipatsa moni ngati ndapambana ndine, ndipo sindikuwaletsa.

E. Torrance


Keighley
17 Malichi 1968

Okondedwa Mayi Torrance,

Ndikhulupirira chisanu chayamba kuchepa kumeneko ndipo nonse muli bwino. Zikomo pondisunga pa Khirisimasi. Ndinaona mmene mumadzukira movutika ndi msana, ngakhale munkabisa, ndipo zakhala zikundisowetsa mtendere.

Nkhani zilipo ziwiri. Yoyamba, chaka chino andipatsa ukaputeni wa timu. Yachiwiri ndiyo yaikulu. Ndapeza nyumba ya lendi kumtunda kwa tauni, kutali ndi utsi wa mafakitale. Ili ndi zipinda zogona zitatu ndi kadimba kuseri, ndipo sukulu ili pafupi, mwana akhoza kupita yekha. Chipinda cha Ailsa ndachipaka kale utoto wachikasu. Makatani wandisankhira ndi Doreen, mlongo wake wa Wilf, poti ine ndikanagula akuda ngati nsanza za m'galaja. Ndi munthu wabwino kwambiri, mudzamukonda.

Ailsa akukula ine ndikumuona ngati mlendo, nyengo yachisanu yokha. Pa Khirisimasi anandifunsa ngati ndimathira shuga mu tiyi. Mwana wanga yemwe sadziwa mmene ndimamwera tiyi. Malo ake ndi pafupi ndi bambo ake. Inunso mwavutika mokwanira, kulera mwana uku mukuwerama tsiku lonse kwa Gilchrist. Nthawi yakwana yoti mupume.

Mundiuze tsiku limene lingakhale labwino, ndidzabwera ndi galimoto yaikulu kudzatenga katundu. Mpikisano woyamba wa chaka uli kumapeto kwa mwezi uno.

Wanu,
Struan


Carluke
24 Malichi 1968

Bambo Meikle,

Kalata yanu ndalandira ndipo ndaimva. Tili bwino. Ndikukuyamikirani pa ukaputeni.

Mwana ndi wanu, palibe angakutsutseni. Ine ndinangosungitsidwa. Ngati mwaona kuti nthawi yakwana yoti ndipume, ndipuma. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, amalize kaye sukulu mu Juni, chifukwa ali m'kwaya ndipo amupatsa ndime yoimba yekha.

Za Doreen sindifunsa. Mukadali wamng'ono, ndipo sindinayembekezere kuti mukhala nokha mpaka kalekale. Mungowauza mayiwo kuti Ailsa sadya dzira losapsa pakati. Tsitsi lake lizipesedwa lili lonyowa, kuyambira kunsonga. Akakhala chete nthawi yaitali asamayese kuti wakhuta, amakhala kuti wina wamulakwira. Mpango wakale umene uli pansi pa pilo wake usachapidwe.

Galimoto yaikulu musavutike nayo, katundu wake ndi sutikesi imodzi. Mundidziwitse tsiku, ndidzamuperekeza ndekha pa sitima.

Euphemia Torrance


Carluke
5 Meyi 1968

Okondedwa Adadi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino koma dzino lina lagwedera. Agogo sakudziwa kuti ndikulemba. Sitampa andipatsa ndi Mayi Gilchrist.

Bwanji simukulemba? Agogo amaima pawindo nthawi ya wapositi n'kumanamizira kupukuta galasi. Akuti mwatanganidwa ndi makatani.

Akusokerera dzina langa pa zovala zanga zonse, ndi pa masokosi pomwe. Atsitsa sutikesi ya Amayi imene inali pamwamba pa kabati. Akundiphunzitsa kupesa tsitsi ndekha ndi kuwiritsa dzira, akuti ndisakavutitse anthu. Ndinawapeza akulira m'nyumba yagalasi, anati ndi anyezi, koma mmenemo muli tomato yekhayekha.

Adadi, ine ndikufuna kukhala nanu. Koma ndikapita agogo azidzayankhula ndi ndani? Mphaka sayankha. Kodi Doreen ndi ndani? Ndizidzamutchula kuti chiyani? Ngati ndi amayi atsopano sindingathe, chifukwa ndili nawo kale ngakhale ali kumanda.

Kodi mukupambana? Bambo Gilchrist ndikawafunsa amangondisisita mutu n'kundipatsa switi. Kale ankandiuza zonse.

Ine mwana wanu,
Ailsa


Kuchipatala, Yorkshire
12 Meyi 1968

Amayi,

Musadabwe ndi kalembedwe, dzanja ili si langa. Ndikunena ndine, akulemba ndi Doreen. Poyamba ndikuuzeni kuti ndili moyo, ndipo madokotala akuti ndidzayenda.

Pa mpikisano woyamba uja, mnzathu wina anagwa patsogolo panga pokhota. Panalibe kuchitira mwina, kumuponda kapena kugwetsa njinga. Ndinagwetsa, n'kukalowa mumpanda. Ntchafu yathyoka, dzanja lamanja lathyoka pawiri, ndipo mutu unasokonezeka masabata angapo. Nditayamba kuzindikira ndinamulumbiritsa Wilf kuti asakuuzeni mpaka nditatha kulemba ndekha, chifukwa ndinakumbukira zimene munanena za bedi la m'chipatala. Ndinkati ndikukutetezani. Kalata yanu ndi ya Ailsa zinangokhala kwa wogulitsa nyama uja, Wilf wabwera nazo dzulo zonse pamodzi.

Doreen anandiwerengera yanuyo. Atangoti "Bambo Meikle" ndinamva kuwawa koposa ntchafu. Amayi, zipinda ndinati ndi zitatu. China changa, china cha Ailsa. Chachitatucho munayesa n'cha ndani? Nyumba imeneyo ndinaisankha chifukwa chipinda chimodzi chili pansi, simukanavutika ndi masitepe, ndipo kadimba kali powomba dzuwa, mukanadzala tomato wanuwanu popanda wokulamulani. Ndinkati mupume kwa Gilchrist, osati kwa Ailsa. Kumuchotsa mwanayo kwa inu kukanakhala kumuphera amayi ake kachiwiri. Ndinayesa ndalemba zomveka. Wilf akuti kalata ndimalemba mmene ndimayendetsera njinga, kulowa pokhota ndisanaone kotulukira.

Ailsa mwana wanga, palibe amayi atsopano. Kalata yako ili pansi pa pilo wanga.

Nyumba ija ndaibweza, poti chaka chino sindithamanganso. Akanditulutsa sindikudziwa kolowera, kwa wogulitsa nyama kuli masitepe ambiri.

Struan

Mayi Torrance, pano ndikulemba mawu anga ine Doreen. Ndili ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mwamuna wamoyo, zidzukulu zodzaza nyumba ndi mano oikirira. Komabe zikomo pondiganizira bwino chotero. Ndaseka mpaka nesi wandidzudzula.


Carluke
15 Meyi 1968

Struan, chitsiru iwe,

Kalata yako ndaiwerenga nditaimirira pakhomo, kenako ndinakhala pa sitepe mpaka wapositi anabwerera kudzandifunsa ngati kwagwa maliro. Ndinamuuza kuti ayi, koma akhoza kugwa ndikakupeza.

Ndiye unabisa chifukwa cha ine? Ndinati sindingaonerere ukuvulala. Sindinanene kuti sindingakusamale utavulala. Zimenezi ndi zinthu ziwiri, ndipo mwamuna yekha ndi amene angazisokoneze. Bambo Gilchrist nawonso anaziona m'nyuzipepala sabata yomweyo. Anayesa ndikudziwa ndipo ndikungobisira mwana, ndiye akandipeza ndikulira ankangovula chipewa n'kudutsa. Mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Nanenso ndili ndi mbali yanga, kalata yako ija ndinaiwerenga ndi mantha m'malo mwa magalasi. Undipepesere kwa Doreen, ndamutumizira jamu.

Za chipinda chachitatu ndikusowa chonena. Chibadwire palibe anandisankhirapo chipinda. Koma nyumbayo ikanakhalapobe sindikanabwera. Rhona ali kuno, bambo akenso ali kuno, ndipo ndikachoka palibe wowazulira udzu. Ndine mtengo wakale, ukandizula ndiuma.

Ndiye zikhala chonchi. Bedi ndalitsitsira kuchipinda chochezera, kulibe masitepe. Tsiku lokutulutsa Bambo Gilchrist abwera ndi galimoto ya tomato, ayalamo matiresi, akuti ndi chindapusa chawo. Ine ndi Ailsa tikwera sitima Loweruka kudzakuona. Sutikesi ndamasula. Mayina ndinasokerera aja akhale, salakwa kanthu.

Usayankhe. Udzanena pamaso.

Amayi ako,
Euphemia Torrance, koma a m'nyumba amanditchula Effie


Keighley
12 Seputembala 1971

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo Ailsa wayamba kuzolowera sukulu ya sekondale. Chithunzi chake cha yunifolomu ndalandira. Wafanana ndi Rhona mpaka ndinachita kukhala pansi.

Ndili ndi nkhani imene sindinauze munthu, ngakhale Wilf, koma iye waiona kale. Mukukumbuka kuti nditachira ndinu munandibweza kuno. Munandipeza m'shedi ndikupukuta njinga yoyera kale, munati munthu wamoyo sangamayende m'nyumba mwanu ngati mzukwa, n'kundilongedzera chikwama. Zaka ziwiri zinayenda bwino ndithu, ngakhale ukaputeni unapita kwa wina ndipo a Scotland sanandiitanenso. Koma chaka chino china chake chachoka mwa ine. Ndikafika pokhota poyamba, pamene tonse anayi timapanikizana zigongono, dzanja langa limachepetsa moto lokha. Mutu umati pita, dzanja limakana. Si kupweteka ayi. Ndi mantha. Ndimaona mpanda, ndimaganiza za kunyumba, ndikadzidzimuka anzanga apita.

Anditsitsa, tsopano ndine wongodikira mpata wina akavulala kapena njinga yake ikafa. Anthu amene ankaimba dzina langa sandinyoza. Amandiwombera m'manja mwachifundo, ndipo bola akanandinyoza. Eni timu akuti ndikafuna, chaka chamawa andipezera malo ku timu ina yaing'ono.

Ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo palibe china ndimadziwa. Ndikabwera, ndibwera ngati ndani? Ailsa amauza anzake kuti bambo ake anathamangira Scotland. Sindinakufunseni nzeru chiyambire, ndimangokuuzani zimene ndachita kale. Lero ndikufunsa. Ndichite chiyani?

Struan


Carluke
19 Seputembala 1971

Struan mwana wanga,

Tili bwino. Ailsa wazolowera. Akuti masamu ndi osavuta, koma mphunzitsi wa Chifalansa amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Mwina ukuganiza kuti ndavina nditawerenga. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti akutsitse panjinga, koma osati mwa njira imeneyi, ndipo ndamuuza. Sindikusankhira. Ndikakusankhira, tsiku lina mvula ikugwa udzandiyang'ana patebulo n'kumati nkhalamba iyi ndi imene inandilanda njinga. Koma poti wafunsa, ndinene chimene ndikuona. Chaka unachoka kuno chija dzanja lako silinkaopa chifukwa sunkasamala zobwerako. Unachoka ngati munthu wothawa nyumba imene ikupsa. Ngati tsopano likukana, ndiye kuti lapeza chobwererera. Ine pamenepo sindikuonapo chochititsa manyazi.

Ailsa ndamufunsa, osamuuza zonse. Ndinati, bwanji adadi ako atasiya njinga? Anaganiza kaye, kenako anati, "Ndiye kuti azidzapezeka ngakhale Lachiwiri?" Ndinamufunsa kuti Lachiwiri kumakhala chiyani. Anati, "Kulibe kanthu, agogo. N'chifukwa chake."

Woyendetsa galimoto wa Bambo Gilchrist akupuma kumapeto kwa Okutobala. Akufuna munthu wodziwa injini, woti azinyamula tomato ndi maluwa kupita nazo kumsika ku Glasgow osaziphwanya. Titatuluka m'mapemphero anandifunsa ngati ungathe kuyenda pang'onopang'ono. Ndinati palibe munthu wodekha pamsewu ngati iwe. Ndanama pabwalo la tchalitchi penipeni, Mulungu andikhululukire. Sindinalonjeze kanthu. Malowo akusungira mpaka uyankhe, ndipo ukasankha timu yaing'onoyo, masokosi ndilukabe.

Amayi ako,
Effie


Keighley
17 Okutobala 1971

Amayi,

Moni nonse. Dzulo ndathamanga komaliza.

Eni timu ndinawauza sabata yatha, ndipo anandipatsa ulendo wotsekera tsiku. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinapambana, koma ndinali wachinayi mwa anthu anayi. Titamaliza, anzanga atatu aja anaima pachipata n'kundikodola kuti ndizungulirenso ndekha. Ndinavula magalasi oteteza dothi, ndinayenda pang'onopang'ono. Amayi, zaka zonsezi sindinkadziwa kuti anthu aja ali ndi nkhope. Ndinkangoona chinthu chakuda chaphokoso kuseri kwa mpanda. Dzulo ndinaona nkhalamba ina ikugwedeza chipewa, mayi wina atakweza khanda m'mwamba kuti lindione, ndi wogulitsa nyama wanga akunamizira kumina. Wilf anangogwada n'kundimasula nsapato yachitsulo yekha, zimene sanachitepo chiyambire.

Njinga zonse ziwiri ndagulitsa. Ndinayesa zindiwawa kwambiri, koma lero ndadzuka mochedwa ndipo ndadya chakudya chonse. Doreen akupereka moni, akuti jamu watha.

Ndinyamuka Lachiwiri m'mawa. Musandiyembekeze msanga, ndipo Ailsa asaime pachipata, kwayamba kuzizira. Bambo Gilchrist muwauze kuti malowo ndawalandira, ndiponso kuti simunaname. Ndibwera pang'onopang'ono.

Mwana wanu,
Struan